Bwenzi la pa foni: zoyenera kumubisira, ndi anthu osayenera kuwabisira

Kodi kudziwana ndi munthu pa intaneti n'koopsa pakokha?

Ayi, ndipo woyamba nkhaniyi ndi ziopsezo amataya omvera ake msanga, chifukwa anthu ali ndi maso. Akudziwa maanja amene anayambira pa Facebook n'kukathera ku tchalitchi kapena ku mzikiti, akudziwa anzawo amene anapeza ntchito m'gulu la pa WhatsApp, ndiponso amalonda amene makasitomala awo ambiri sanaonanepo nawo. Ku America, kumene zinthu zotere amaziwerenga, bungwe la Pew Research Center linapeza mu 2023 kuti akuluakulu 3 mwa 10 alionse anayesapo kufunafuna chibwenzi pa intaneti, ndipo mwa amene ali pa banja kapena pa chibwenzi chokhazikika, mmodzi mwa 10 anapezana ndi mnzakeyo komweko. Choncho foni siinalakwe. Chimene yachita n'kuchotsa chinthu chimodzi chimene chinkafika limodzi ndi mlendo aliyense, ndicho mboni. Mnyamata wofunsira mbeta sankabwera yekha. Ankabwera ndi mudzi wake, mfumu yake, mfunda wake ndi atsibweni ake oti adzaonekere pa unkhoswe, ndipo azakhali a mtsikana ankafufuza mwakachetechete ngati sanasiye mkazi ndi ana kwinakwake. Sikuti akale anali oona mtima kuposa ife. Bodza ndilo linali lodula, chifukwa linkafuna kuti mudzi wonse uname nawo. Lero bodza lomwelo limangofuna simu khadi imodzi, chithunzi chakuba ndi bandulo ya tsiku limodzi.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Munthu wa zolinga zoipa, kaya akufuna ndalama zanu, thupi lanu kapena mphamvu zanu zogwirira ntchito, amapempha zinthu ziwiri nthawi imodzi: kuti mumuululire zanu zonse, ndiponso kuti iyeyo mumubise kwa anthu anu onse. Kudziteteza n'kutembenuza pempho limeneli, kuti zanu muzimupatsa pang'onopang'ono, koma za iye muziuze anthu anu msanga.

Ndilibe ndalama ndipo sindine wotchuka. Angandibere chiyani?

Dzina la munthu wosauka nalonso ndi katundu. Kuyambira 2018 simu khadi iliyonse m'Malawi imayenera kulembetsedwa, ndipo polembetsa amafuna kwambiri chiphaso cha unzika chimene bungwe la NRB linayamba kupereka mu 2017. Chithunzi cha chiphasocho chikagwa m'manja mwa kathyali, angayese kulembetsera nambala m'dzina lanu, ndipo tsiku limene nambalayo idzabere munthu, apolisi adzayambira kugogoda kwa inu. Palinso kuba akaunti. Munthu amene mwangodziwana naye amalemba mwaulemu kuti, "Pepani achimwene, ndalakwitsa nambala, uthenga wanga wabwera pa foni yanu, tanditumizireni manambala 6 amene mwalandirawo." Mukangotumiza, WhatsApp yanu yasamukira pa foni yake. Iye alibe nazo ntchito ndalama zanu. Akufuna kuti mlongo wanu wa ku Joni, anzanu a kwaya ndi gulu lanu la banki mkhonde alandire uthenga wooneka ngati wanu, wonena kuti mwana wagonekedwa m'chipatala, tumizani pa nambala iyi ya Airtel Money kapena Mpamba chifukwa yanga yavuta. Chimene wakuberani ndi chikhulupiriro chimene anthu ali nacho pa inu, ndipo chimenechi ngakhale wosauka amakhala nacho chambiri. Mankhwala ake ndi otchipa mochititsa manyazi: manambala obwera pa foni yanu sapatsidwa kwa munthu aliyense, ngakhale atati ndi wa ku kampani ya mafoni, ndipo WhatsApp ili ndi njira yoikira PIN yachiwiri, ya two-step verification, imene ambiri sanaitsegulepo.

Nanga zoyenera kubisa ndi ziti, ndipo mpaka liti?

Muyeso wake ndi umodzi: kodi chimenechi ndingachibweze zikavuta? Dzina lanu loyamba, mzinda umene mukukhala, mtundu wa ntchito yanu, kaya ndinu wa Bullets kapena wa Noma, zonsezi mungazinene, chifukwa munthuyo akayamba kukayikitsa mumangomubuloka nkhani n'kuthera pomwepo. Koma ndalama zikatuluka sizibwerera. Chithunzi chamaliseche chikachoka pa foni yanu sichibwerera. Chimodzimodzi chithunzi cha pasipoti, njira ya kunyumba kwanu, sukulu ya mwana wanu, ndiponso inuyo mwini mukalowa m'chipinda chimene kiyi wake ali m'thumba mwa wina. Zosabwezekazi ndi zoti zibwere kumapeto, munthuyo atadziwika kwa anthu ena kupatula inu. Woona mtima sataya kanthu podikira. Wachinyengo amataya zonse, n'chifukwa chake amakufulumizitsani ndipo amakwiya mukati dikirani. Mkwiyo umenewo ndi yankho kale.

Chovuta n'chakuti zambiri timazipereka osafunsidwa. Tayang'anani chithunzi chimodzi cha pa Facebook ndi maso a munthu wofuna kukupezani. Mayi waima pa geti, wagwira dzanja mwana wake tsiku lotsegulira temu. Pa yunifolomu ya mwanayo pali baji ya sukulu. Kumbuyo kukuoneka chikwangwani cha golosale ndi nsanja ya tchalitchi. Pansi pake mnzake walemba kuti, "Mwasamukira liti ku Chilomoni osatiuza?" ndipo wina wawonjezera kuti, "Bambo ake akubwera liti kuchokera ku Joni?" Mayiyu sananene kanthu, koma mlendo wadziwa dera, msewu, sukulu, nthawi imene mwana amatuluka pakhomo, ndiponso kuti pakhomopo palibe mwamuna. N'chifukwa chake ndi bwino kutseka zithunzi ndi mndandanda wa anzanu kuti aziona ndi odziwana nawo okha. Mndandandawo ndi umene woopseza amayamba kukopera.

Nambala ya foni nayo si yaing'ono monga timaionera. Popeza inalembetsedwa ndi chiphaso, aliyense woyesa kukutumizirani ndalama amaona dzina lanu lonse. Izi zimathandizanso inu: ngati munthu amadzitchula dzina lina koma nambala imene wakupatsani ikuonetsa lina, ndipo akufotokoza kuti ndi ya msuweni wake kapena ya ejenti, muli ndi chifukwa choimira kaye.

Takhala tikucheza miyezi, m'mawa ndi usiku. Kodi wakuba angapirire chonchi?

Angapirire, chifukwa ndi ntchito yake, ndipo mwina ali pa shifiti. Ambirife timaganizabe za kamnyamata kamodzi kongoyesa mwayi, pamene chinyengochi chinasanduka bizinesi ya maofesi. Mu April 2024, akuluakulu a Drug Enforcement Commission ndi apolisi ku Zambia anachita chipikisheni pa kampani ya Golden Top Support Services m'dera la Roma ku Lusaka. Anagwira anthu 77 ndi kulanda masimu khadi oposa 13,000. Ambiri mwa ogwidwawo anali achinyamata a ku Zambia komweko a zaka za pakati pa 20 ndi 25, amene analembedwa ngati oyankha mafoni n'kupatsidwa mawu okonzeratu oti azicheza nawo ndi anthu pa WhatsApp ndi Telegram. Mu June chaka chomwecho khoti linalamula nzika za dziko la China zoposa 20 kukakhala kundende zaka za pakati pa 7 ndi 11. Ku Asia n'kokulirapo. Ofesi yoona za ufulu wa anthu ya United Nations inanena mu August 2023 kuti anthu osachepera 120,000 ku Myanmar ndi pafupifupi 100,000 ku Cambodia akukakamizidwa kugwira ntchito yobera anthu pa intaneti, ambiri a iwo atakopedwa ndi ntchito zabodza n'kutsekeredwa m'mipanda. Ndiye kuti wokulemberani "wadzuka bwanji wokondedwa" m'mawa uliwonse angakhale kapolo amene akapanda kubweretsa ndalama amamenyedwa. Kuleza mtima kwake si umboni wa chikondi. Ku America kokha, bungwe la Federal Trade Commission linalandira madandaulo a anthu pafupifupi 70,000 mu 2022 okhudza chinyengo cha chibwenzi, ndipo ndalama zimene anataya zinafika madola 1.3 biliyoni. Amenewo ndi okhawo analimba mtima n'kukadandaula.

Sewero lake limafanana kulikonse. Wachinyengoyo amati ndi msilikali, dokotala kapena injiniya wogwira ntchito kutali, mkazi wake anamwalira, ali ndi mwana mmodzi, amaopa Mulungu. Kwa milungu ingapo sapempha kanthu. Amangofunsa ngati mwadya, amakumbukira dzina la mwana wanu, amakumverani pa zimene a pakhomo panu anasiya kale kukumverani. Kenako iye ndi amene amapereka: watumiza phukusi, muli laputopu, foni ndi kandalama mu envelopu. Patapita masiku awiri mumalandira foni ya munthu wolankhula Chichewa chabwinobwino, akuti ali pa bwalo la ndege la Kamuzu, katundu wanu wafika, pakungofunika ya msonkho, tumizani pa nambala iyi. Msonkho weniweni umalipidwa ku MRA ndipo umakhala ndi lisiti, supita pa nambala ya munthu. Mukalipira, mawa akuti m'phukusi apezamo ndalama zakunja, umenewu ndi mlandu, pakufunika ina yotsekera pakamwa mabwana. Pofika apa munthu amalipira osati chifukwa akukhulupirirabe, koma chifukwa kusiya n'kuvomera kuti zoyamba zija zinapita. Amalowa katapila, amagulitsa mbuzi, osauza aliyense. Amene amaseka anthu otere sanaganize bwino. Ogwidwa m'msampha umenewu ndi aphunzitsi, anamwino, amayi amasiye osamala ndalama zawo. Nzeru anali nazo, chimene analibe ndi munthu wachiwiri woti amve nkhaniyo ali kunja kwake. Wakunja amaliona bodza la phukusi pa chiganizo choyamba.

Ndikamuona pa video call, si ndiye kuti ndatsimikiza?

Pemphani ndithu, chifukwa amene kamera yake imakhala yakufa miyezi itatu wakuuzani zokwanira. Chithunzi chakenso mungachifufuze ndi Google Lens kuti muone ngati sichinatengedwe pa tsamba la munthu wina. Koma musaimire pamenepo. Nkhope ndi mawu masiku ano zimapangidwa pa kompyuta: mu 2024 wogwira ntchito ku kampani ya Arup ku Hong Kong anatumiza madola pafupifupi 25 miliyoni atachita msonkhano wa pa kanema ndi "mabwana" ake amene onse anali opangidwa. Choopsa kwambiri, komabe, ndi wa nkhope yeniyeni. Simon Leviev, amene dzina lake lobadwa nalo ndi Shimon Hayut ndipo nkhani yake inaonetsedwa pa Netflix mu 2022, ankakumana ndi akazi a pa tsamba la zibwenzi la Tinder maso ndi maso, n'kuwakweza ndege zobwereka, koma ankalipira ndi ndalama zobera mkazi wina. Thabo Bester wa ku South Africa ankakopa atsikana pa Facebook powalonjeza ntchito yojambulitsa zithunzi zotsatsa malonda. Mu 2012 anapezeka wolakwa pa milandu yogwiririra ndi kupha, ndipo ndi yemwe uja anathawa kundende ya Mangaung mu May 2022 ponamizira kuti wapsa m'selo, mpaka kugwidwa ku Arusha mu April 2023. Awiriwa sankabisa nkhope. Kanema amangotsimikiza kuti munthu alipo. Funso lothandiza ndi lakuti, kodi akumudziwa ndani? Ngati akuti amagwira ntchito pamalo akutiakuti, pezani nokha nambala ya malowo, osati imene iye wakupatsani. Ngati akuti kwawo ndi ku Ntcheu, alipo wodziwana naye amene ali ndi mbale kumeneko. Munthu wa zaka 40 wopanda mbale, mnzake wa kuntchito kapena wa kumpingo woti mungalankhule naye ndi munthu wopeka, ngakhale mukumuona akuphethira.

Zonsezi ndi za chibwenzi. Nanga wondilonjeza ntchito kunja?

Kwa Amalawi, pamenepa ndi pamene pakhetsa misozi yambiri. Mu March 2024, BBC Africa Eye inaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene anakodwa ku Oman. Ena anafikiridwa pa Facebook ndi anthu odzitcha maejenti, n'kulonjezedwa ntchito zabwino, mwina ku Dubai, koma anakatsikira ku Muscat n'kuperekedwa m'manyumba ngati antchito apakhomo. Mapasipoti analandidwa. Ankagwira ntchito usana ndi usiku, ena kumenyedwa, ena kugwiriridwa. Dongosolo la kafala, limene limamangirira wantchito wakunja kwa bwana amene anamuitanitsa, linachititsa kuti kuchoka kukhale ngati mlandu, ndipo mabwana ankafuna kubwezeredwa ndalama zimene analipira kwa ejenti asanamasule munthu. Boma la Malawi linati linagwiritsa ntchito madola oposa 160,000 pobweza amayi 54.

Chimene nkhaniyi imaphunzitsa chili pa mmene amayiwa anapulumukira. Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America, ataona kulira kwa mmodzi pa Facebook anatsegula gulu la pa WhatsApp, ndipo amayi pafupifupi 50 analowamo. Aliyense ankaganiza kuti tsoka ndi lake yekha mpaka atamva mawu a anzake. Mauthenga ndi makanema a m'gululo anasanduka umboni, ndipo bungwe la Do Bold, limene limathandiza antchito akunja m'mayiko a ku Gulf, linalowererapo. Foni yomweyo imene inawapereka ali okhaokha ndi imene inawatulutsa ali pagulu. Kusiyana kwake kunali mboni basi. Funso lopweteka ndi lakuti, bwanji gulu lotere lisakhalepo munthu asanakwere ndege? Ejenti amadziwa kuopsa kwa gulu, n'chifukwa chake amalangiza kuti, "Musauze anthu mpaka mutafika, angakuchitireni nsanje, angakulodzeni." Malangizowa amalowa mosavuta chifukwa amafanana ndi zimene tinakula tikumva, kuti ulendo saulengeza. Koma kubisira mudzi wonse n'kosiyana ndi kubisira aliyense. Wopita kunja ayenera kuona kontirakiti yolembedwa asananyamuke, afunse ku unduna wa zantchito ngati ejentiyo amadziwika, ayang'ane dziko lolembedwa pa tikiti ndi pa viza ngati ndi lomwe analonjezedwa, ndipo asiye kwa mbale makope a mapepala onse ndi nambala za ejenti. Lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limapereka chilango cha zaka zofika 14 kwa wozembetsa munthu wamkulu ndi 21 kwa wozembetsa mwana, koma lamulolo limaluma pokhapokha pali dzina, nambala ndi mapepala oti apolisi ayambirepo.

Wina ali ndi chithunzi changa chamaliseche ndipo akuopseza kuti achifalitsa. Nditani?

Musalipire. Wolipira kamodzi wangotsimikiza kuti ali ndi mantha komanso ndalama, ndipo pempho lachiwiri limakula. Musafufute mauthengawo chifukwa cha manyazi. Jambulani zonse, dzina la akaunti, nambala, ziopsezo, kenako nenezani akauntiyo ndi kuibuloka. Ndipo uzani munthu mmodzi tsiku lomwelo, chifukwa chida chokha cha woopsezayo n'chakuti inu muli nokha. Mu March 2022, mnyamata wa zaka 17 wa ku Michigan ku America anadzipha patangotha maola ochepa atayamba kucheza pa Instagram ndi "mtsikana" amene anali anyamata a ku Lagos. Abale awiri, Samuel ndi Samson Ogoshi, anatumizidwa ku America n'kulamulidwa mu September 2024 kukakhala kundende zaka 17 ndi theka aliyense. Mu July chaka chomwecho kampani ya Meta inatseka maakaunti a Instagram pafupifupi 63,000 a ku Nigeria okhudzidwa ndi mchitidwewu. Makolo amene amadera nkhawa ana aakazi okha adziwe kuti oopseza ofuna ndalama amasaka kwambiri anyamata, ndipo mwana amene amadziwa kuti kunyumba kukamuyembekeza ndi chikwapu sadzanena.

Pali zida zothandiza. Tsamba la StopNCII.org la akuluakulu, ndi la Take It Down la osakwana zaka 18, amapanga chizindikiro cha manambala kuchokera pa chithunzicho, chithunzi chenichenicho osachoka pa foni yanu, ndipo makampani ogwirizana nawo monga Facebook, Instagram ndi TikTok amatchinga chithunzi chilichonse chofanana nacho. Sizifika paliponse, makamaka m'macheza obisika a pa WhatsApp, koma zimachepetsa. M'Malawi ana angaimbe ulere pa 116, ndipo kupolisi kuli nthambi ya Victim Support Unit. Kwa amene sanatumize, chenjezo n'lakuti chithunzi cha view once chingajambulidwe ndi foni yachiwiri, ndipo wofalitsa nthawi zambiri si mlendo wa ku Lagos koma bwenzi lenileni chibwenzi chitatha, kapena wokonza mafoni pamsika.

Tagwirizana zokumana. Ndichite bwanji?

Malo musankhe inuyo, masana, poyera, pamene pali anthu ogwira ntchito oti angakukumbukireni. Mupite pa mayendedwe anu ndipo m'thumba mukhale ya minibasi kapena kabaza yobwerera, chifukwa amene wakulipirirani ulendo wochoka ku Mzuzu kupita ku Blantyre ndiye akhalanso mwini wa ulendo wobwerera. Asakutengeni pakhomo, asakuperekezeni mpaka pakhomo. Mbale kapena mnzanu akhale ndi dzina lake, nambala yake, chithunzi chake ndi nthawi imene mwalonjeza kuimba, ndipo mungamutumizire live location ya pa WhatsApp, imene imatha kuyenda mpaka maola 8. Chakumwa chitsegulidwe inu mukuona. Malo akasinthidwa mwadzidzidzi, kuti galimoto yawonongeka, bwerani kunyumba kapena ku loji, ulendo uthere pomwepo. Chofunika kuposa zonsezi n'kumudziwitsa iyeyo kuti anthu akudziwa: "Achemwali anga akudziwa kuti ndili ndi inu, ndawapatsa nambala yanu." Woona mtima amangoti mwachita bwino. Kuyenda awiri si mantha. Izi ndi za abambonso, chifukwa alipo amene anaitanidwa ndi "mtsikana" kapena wogulitsa foni yotchipa n'kukapeza anyamata atatu akuwadikira.

Koma kuuza ena n'kuwononganso chinsinsi changa. Bwanji ngati sindingathe?

Kutsutsa kumeneku n'kwamphamvu ndipo sikuyenera kuchepetsedwa. Unkhoswe umene tautamanda unali ndi mano akenso: unkaletsa zibwenzi chifukwa cha mtundu, chipembedzo kapena umphawi, ndipo ambiri amathawira pa intaneti ndendende kuti apume ku maso a mudzi. Mayi wamasiye wa zaka 55 amadziwa zimene ana ake ndi amvano adzanene akamva kuti ali ndi bwenzi. Wina ali pa banja. Wina chikondi chake malamulo a dziko amachiletsa, ndipo kupita kupolisi kungamuike m'madzi iye mwini. Kuwauza anthu otere kuti auze makolo n'kusawamvetsa. Koma taonani chimene chikutsatira: amene sangauze aliyense ndi amene wachinyengo amamusaka, chifukwa amadziwa kuti akamubera sadzadandaula. Kulemera kwa chinsinsi kumakulitsa kufunika kwa mboni, sikukuchotsa. Ndipo mboni siyenera kukhala khoti. Safunika kuvomereza chibwenzicho kapena kudziwa zonse. Akhale munthu mmodzi wosunga pakamwa, mnzanu wa kusukulu, msuweni wa kutali, amene akudziwa kuti Loweruka masana muli kwakuti ndi munthu wa nambala yakuti, ndipo amene mwamulonjeza kuti musanatumize ndalama kwa aliyense amene simunaonane naye, mudzamuimbira kaye. Chinsinsi mwasankha nokha wochisunga n'chanu. Chimene mwalamulidwa ndi mlendo kuti musunge n'chake, ndipo chikutumikira iye.

Kodi malangizo onsewa sakusenzetsa katundu wozunzidwa m'malo mwa wolakwa, makampani ndi boma?

Angatero ngati atanenedwa molakwika. Mtsikana wogwiriridwa ku loji sanalakwe polowa m'chipindamo, wolakwa ndi womugwirira, ndipo wapolisi kapena mbale wofunsa kuti "nanga iwe umakatani kumeneko?" akugwirira ntchito chigawenga, chifukwa funso lomwelo ndi limene limatseka pakamwa wotsatira. Makampani nawo si oyera. Mu 2015 akathyali anaba ndi kufalitsa mbiri za anthu oposa 30 miliyoni a pa tsamba la zibwenzi la Ashley Madison, kuphatikizapo amene analipira kuti mbiri zawo zifufutidwe. Mu 2021 dziko la Norway linalipiritsa kampani ya tsamba lina la zibwenzi la Grindr makrona 65 miliyoni chifukwa chopereka mbiri za ogwiritsa ntchito kwa otsatsa malonda popanda chilolezo choyenera. Munthu angasamale mmene angathere koma n'kuululidwa ndi amene anamusungitsa. Malawi ali ndi malamulo: la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kuzunza, kuopseza ndi kulondalonda munthu pa intaneti, ndipo la Data Protection Act la 2024 linapatsa MACRA udindo woyang'anira mmene mbiri za anthu zikusungidwira. Nzika zili ndi ufulu wofunsa chifukwa chimene mauthenga a "tumizani pa nambala iyi" akupitirirabe zaka zonsezi chiyambire kulembetsa masimu khadi, ndiponso chifukwa chimene lamulo la 2016 limamveka kwambiri pamene wina wanyoza wandale kusiyana ndi pamene mtsikana wafalitsidwira zithunzi.

Komabe lamulo limafika pambuyo, ndipo limayenda pa umboni umene wozunzidwa yekha angausunge. Wobera ali ku Myanmar khoti la ku Lilongwe silimufikira, koma nambala imene inalandira ndalama nthawi zambiri ndi ya konkuno, inalembetsedwa ndi chiphaso cha wina, ndipo ndalamazo zinatapidwa kwa ejenti wa pamalo odziwika. Choncho mukazindikira kuti mwaberedwa, imbani ku kampani ya foni kapena ku banki ola lomwelo, mwina ndalama zisanatapidwe, ndipo popita kupolisi mutenge uthenga wotsimikiza kutumiza umene uli ndi nambala ya tiranzakishoni, tsiku ndi nthawi, pamodzi ndi zithunzi za macheza onse kuyambira moni woyamba.